Eriyo ya wailesi ya ham panyumba yamalata: padenga, pambali pa khoma, kapena kutali nazo?

Nyumba zambiri za m'matauni athu, kaya ku Ndirande, ku Area 25 kapena ku Chibavi, n'zofoleredwa ndi malata. Kumaso kuli geti yachitsulo, kuseri kuli nsanja yachitsulo ya thanki ya madzi, mawindo onse ali ndi zitsulo zotchinga akuba, ndipo kwina mpanda womwewo ndi wamalata. Munthu amene wangotenga laisensi ya wailesi ya ham (ija imene anthu wamba amalankhulirana okhaokha) ku MACRA n'kupatsidwa dzina la pawailesi loyamba ndi 7Q, akawerenga malangizo a kunja amapeza akuti eriyo ikhale kutali ndi chitsulo chilichonse. Kutali kwake kuti? Poloti ndi ya mamita 15 uku, 20 uku, ndipo theka lake lili pansi pa denga.

Langizolo si labodza, koma n'loperewera. Pali eriyo imene denga lamalata limaipha, pali ina imene denga lomwelo limaithandiza. Nkhani yagona pa zinthu ziwiri: eriyo yaima kapena yagona motani poyerekeza ndi chitsulocho, ndipo yatalikirana nacho bwanji, osati powerenga mamita koma powerenga kutalika kwa funde.

Chimene malata amachita ndi funde

Funde la wailesi likagunda malata silidutsa, limabwerera. Malatawo amakhala ngati kalilole: eriyo imene ili patsogolo pake imakhala ndi chithunzi chake kuseri, ndipo chithunzicho nachonso chimachita ngati chikuulutsa. Eriyo ikaima chilili pamalata, tsinde lake litagunda chitsulo, magetsi a m'chithunzi amayenda mbali imodzi ndi a mu eriyo, ndiye ziwirizi zimathandizana. Koma ikagona motsatira malata, magetsi a m'chithunzi amayenda mobwerera. Ikayandikira kwambiri, ziwirizi zimafafanizana, ndipo mphamvu ya wailesi yanu imathera kutenthetsa chingwe ndi waya. Ikatalikira kota ya funde, funde lobwerera limafika pa nthawi yoti liwonjezere linzake. Zonse zimene ndinene m'munsimu zachokera apa.

Kutalika kwa funde n'kosavuta kupeza: gawani 300 ndi ma megahertz (MHz) amene wailesi yanu ikuulutsira, yankho lake ndi mamita. Bandi ndi chigawo cha ma megahertz chimene a ham amaloledwa kugwiritsa ntchito, ndipo imatchulidwa ndi kutalika kwa funde lake. Pa bandi ya 2 m, imene kuno ku Africa ndi 144 mpaka 146 MHz, funde ndi mamita awiri ndi pang'ono, kota yake masentimita 50. Pa bandi ya 20 m, cha pa 14 MHz, funde ndi mamita 21, kota yake mamita 5. Pa bandi ya 40 m, cha pa 7 MHz, funde ndi mamita 42, kota yake kupitirira pang'ono mamita 10. Choncho mnzanu akanena kuti "ndaikweza mita imodzi pamwamba pa denga", mufunseni kaye kuti ya bandi iti. Pa 2 m, mita imodzi ndi theka lathunthu la funde. Pa 40 m, waya wotero n'chimodzimodzi kungomugoneka pamalatapo.

Pansi pa denga

Njira iyi imakopa aliyense wokhala m'nyumba ya lendi: waya abisike m'siling'i, landilodi asaone, mvula isamukhudze. M'nyumba yamatailosi zimatheka ndithu. M'nyumba yamalata musataye nthawi. Michael Faraday adasonyeza kale mu 1836 kuti chipinda chokutidwa ndi chitsulo chimatchinga magetsi a kunja, ndipo siling'i yanu yatsala pang'ono kukhala chipinda choterocho. Pamwamba pali malata, pansi pali mawaya a magetsi a nyumba yonse, ndiye chimene mungamve ndi phokoso la mababu a LED ndi machaja a foni. 

Chokhacho chimene ndingalole pansi pa malata ndi lupu yaing'ono, ija yozungulira ya mita imodzi m'mimba mwake, itaikidwa m'mphepete mwa khonde, kutali ndi zitsulo za pawindo mita imodzi kapena kuposa. Imagwira ntchito, makamaka pa 20 m ndi pa mabandi a ma megahertz okwera kuposa apo. Koma muziitchuna nthawi iliyonse mukasuntha pang'ono pa bandi, ndipo pa mawati 100 kapasita yake imakhala ndi mavoti masauzande. Pakhonde pomwe pamasewera ana si malo ake.

Kuimika eriyo padenga penipeni

Apa ndiye pamene nyumba yamalata imaposa yamatailosi. Eriyo yoima ya kota ya funde ndi theka chabe la eriyo. Theka linalo liyenera kuchokera pansi pake. Anthu a nyumba zamatailosi amayala mawaya ambirimbiri pansi kuti apeze theka limenelo. Inu muli nalo kale, mudalipira kwa kalipentala.

Pa 2 m ntchito yake ndi ya mphindi zochepa. Eriyo ya maginito, yomwe ija amamata padenga la galimoto, imamatanso pamalata chifukwa malata athu ambiri ndi achitsulo chokutidwa ndi zinki. Pa malata a aluminiyamu maginito sagwira. Vuto ndi mizere ya malata: maginito amafuna malo osalala kuti akhale bwino ndiponso kuti alumikizane ndi chitsulo kudzera m'kampata kakang'ono ka penti. Pa malata a IBR pali tinjira tosalala pakati pa mizere. Pa malata wamba mufunika kachidutswa kosalala kachitsulo komangidwa ndi mabawuti. Kandodo ka masentimita 49 kapena 50 kakwana. Kaikeni pamwamba pomwe malata a mbali ziwiri amakumana, osati m'mphepete, chifukwa m'mphepete mawu amapita bwino mbali imene kuli denga lalikulu n'kuperewera mbali inayo. Zoona zake n'zakuti pa bandi imeneyi eriyo yotere ndi yoyambira chabe. Funde la 2 m limayenda pafupifupi mowongoka, limafuna msinkhu, ndipo eriyo yokhala padenga penipeni siiona patali ngati yokwezedwa pamlongoti.

Pa 20 m mpamene njirayi imaonetsa ubwino wake. Paipi ya aluminiyamu ya mamita 5, kapena waya womangirira pansungwi yowongoka youma, imaima pakati pa denga. Tsinde lake likhale pa chinthu chosadutsa magetsi, monga kachidutswa ka paipi ya PVC. Waya wapakati wa chingwe cha coax, chija chochokera kuwailesi, apite ku eriyo, ukonde wakunja upite ku malata. Nyumba ya mamita 8 kwa 10 ili ndi chitsulo cha mamita 4 kapena 5 mbali iliyonse, chomwe n'chokwanira ndithu pa 20 m, 15 m ndi 10 m, koma n'chochepa pa 40 m pokhapokha mutawonjezera mawaya a mamita 10 otuluka kunja kwa denga. Eriyo yoima imaponya funde motsika, cha kumene thambo limakumana ndi dziko, ndipo ndi funde lotero limene limafika ku Ulaya, ku Japan kapena ku Brazil. Pachitsulo chabwino, eriyo ya kota ya funde imaonetsa ma ohm (muyeso wa mmene imakanira magetsi) pafupifupi 36, pamene chingwe chathu ndi cha ma ohm 50. SWR yake, nambala yosonyeza ngati eriyo ndi chingwe zikugwirizana (1 ndiye yabwino koposa), imakhala cha pa 1.4, ndipo wailesi iliyonse imalandira zimenezo popanda kudandaula. Denga lotsetsereka mbali ziwiri limakwezanso ma ohm aja kuyandikira 50, monga zimachitikira mukapendeketsa mawaya a pansi a eriyo.

Koma denga si chitsulo chimodzi. Ndi malata 30 kapena 40 osanjikizana, ogwidwa ndi misomali yolowa m'matabwa, pakati pake pali penti, fumbi ndi dzimbiri. Apa mpamene anthu ambiri amagwa ulesi. Kwerani m'mawa malata asanatenthe, muziponda pa mzere wa misomali pomwe pansi pali thabwa. Pomwe mufuna kulumikiza, palani penti ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, malo aakulu ngati ndalama yachitsulo basi. Boolani pamsana pa mzere, osati m'ngalande momwe mumayenda madzi, mangani ndi bawuti yosachita dzimbiri ndi washa wamano, kenako pakani girisi kapena silikoni. Waya wakopa wosakutidwa asagone pazinki mwachindunji, chifukwa zitsulo ziwirizi zikanyowa zinki imadyeka, ndipo pakapita nthawi pamatha kukhala bowo. Lumikizani motere malata anayi kapena asanu ndi limodzi ozungulira tsinde la eriyo, a mbali zonse ziwiri za denga, ndi timalamba tatifupi totambalala. A kutali asiyeni; pamene asanjikizana kwambiri funde limadumpha lokha.

Mukanyalanyaza zimenezi mudzaona chinthu chodabwitsa tsiku lamphepo: singano ya mita ya SWR ikuvina yokha, kutsatira lata limodzi lomasuka limene likugwedera kuseri. Malo adzimbiri otere amathanso kusakaniza mafunde a mawailesi amphamvu a pafupi n'kubala phokoso limene simungalipeze pena paliponse m'nyumba. Ngati padenga pali mapanelo a sola, ganizani kawiri. Funde lanu lidzalowa m'mawaya a sola mpaka ku kontrola, ndipo phokoso la kontrola ndi inveta lidzakwera njira yomweyo kubwera ku eriyo. Nthawi zina mphete za ferrite, zotchinga funde loyenda m'waya, zikaikidwa pa mawaya a sola zimathetsa vutoli, nthawi zina ayi.

Pamlongoti, pamwamba pa zonse

Pa 2 m ndi 70 cm, iyi ndiye njira imene ndingauze aliyense. Eriyo zake n'zazifupi, ndiye kuzitalikitsa ndi malata n'kosavuta: mamita awiri pamwamba pa denga ndi funde lathunthu pa 2 m, mafunde atatu pa 70 cm. Pamenepo denga lasiya kusokoneza SWR. J-pole (eriyo yooneka ngati chilembo J) ya mapaipi akopa, inzake ya Slim Jim imene Fred Judd, wa dzina la pawailesi G2BCX, adaifalitsa mu 1978, kapena eriyo ya kota ya funde yokhala ndi timiyendo take tinayi topendeka, zonsezi sizifuna denga kuti zigwire ntchito. Zimafuna kuti chitsulo chisaime pambali pake.

Apa pali msampha. Mlongoti wachitsulo ndi wabwino ukathera pansi pa eriyo. Koma Slim Jim ya waya ikamangidwa ndi tepi motsatira paipi yachitsulo, yatha ntchito, chifukwa yagona pa chithunzi chake. Ngati mulibe paipi ya PVC kapena nsungwi yoti ikhale pamsonga, itulutseni pambali ndi mkono wa theka la mita, podziwa kuti mlongotiwo udzakankhira mawu mbali imene kuli eriyo. Nsanja ya thanki ya madzi ndi mlongoti waulere, ndipo wowotcherera zitsulo wa pamsika akhoza kukupangirani kabulaketi kake tsiku limodzi. Eriyo ipitirire thanki, makamaka ngati ndi yachitsulo. Ngakhale ya pulasitiki, madzi odzaza m'kati amameza funde.

Yagi, ija ya timitanda tambiri imene idachokera ku yunivesite ya Tohoku ku Japan mu 1926, ili ndi lamulo lake. Ikaima ndi timitanda choimirira, monga timachitira pa FM, mlongoti wachitsulo usadutse pakati pa timitandato. Imangeni kumbuyo kwake kapena pamsonga wosakhala wachitsulo.

Musaiwale chingwe. Mamita 20 a coax yopyapyala ya RG-58 amadya pafupifupi theka la mphamvu pa 2 m, ndipo pa 70 cm amadya kuposa apo. Kukweza eriyo kuseri kwa yadi n'kukoka chingwe chopyapyala kuzungulira nyumba yonse ndi kupeza ndi dzanja ili n'kutaya ndi linalo. Coax yonenepa ya RG-213 ndi yokwera mtengo, koma ndalama yake imaoneka.

Khoma lamalata ngati chobwezera mawu

Njira iyi anthu saiganizira, koma ndi yokoma kwa amene amakhala moyandikana ndi shedi, kontena kapena khoma lalitali lamalata. Imikani dipole (mawaya awiri ofanana, chingwe cholowa pakati pawo) ya 2 m, yotalika pafupifupi mita imodzi, masentimita 40 mpaka 50 patsogolo pa khomalo. Funde lobwerera limaphatikana ndi lopita kutsogolo, ndipo mbali imeneyo mphamvu imawonjezeka katatu kapena kuyandikira kanayi ngati khoma ndi lalikulu, la mamita awiri kapena kuposa mbali zonse. Kumbuyo kwa khoma simumva kanthu. Ngati anzanu onse ali mbali imodzi ya tawuni, kapena mukuloza siteshoni yobwereza mawu imene ili paphiri, mwapeza eriyo yoloza mbali imodzi popanda kugula Yagi. Pomwe makoma awiri amalata akumana pakona, phindu limakulanso. John Kraus, W8JK, adapanga eriyo yeniyeni pa mfundo imeneyi mu 1938.

Chenjerani ndi mtunda wake. Mukaisuntha kuchoka pa masentimita 50 kufika pa mita imodzi poganiza kuti kutalikira n'kwabwino, mwafika pa theka la funde, pomwe funde lobwerera limafafaniza lopita kutsogolo. Siteshoni imene imamveka bwino ikhoza kuzimiririka, ina ya chapambali n'kutulukira. Mukaiyandikitsa pa masentimita 10, SWR imakwera ndipo bandi imapapatiza. Pa mabandi a HF, monga 20 m ndi 40 m, njirayi iiwaleni: khoma loti libweze funde la mamita 21 liyenera kukhala la fakitale.

Dipole yogona pamwamba pa denga

Dipole ndi eriyo yoyamba ya munthu aliyense, ndipo mpake. Mawaya awiri, kutalika konse ndi 143 kugawa ndi ma megahertz: mamita 10 pa 20 m, mamita 20 pa 40 m. Ikakhala pamtunda popanda chosokoneza imaonetsa ma ohm 73. Vuto limabwera munthu akaimika timitengo tiwiri kumapeto kwa denga n'kukoka waya motsatira msana wa nyumba. Pamsinkhu wa gawo limodzi mwa magawo khumi a funde, amene ndi mamita awiri pa 20 m, ma ohm aja amatsika kufika cha pa 20. Mukatsitsanso amatsika kwambiri. Tuner, kabokosi kogwirizanitsa wailesi ndi eriyo, ikhoza kunamiza wailesi kuti zonse zili bwino, SWR n'kuoneka 1, koma funde silinapite patali. Mudzaonanso kuti wayayo akugwira pa ma megahertz ena, osati amene mudawerengera, ndipo mudzadula, kulumikiza, kudulanso.

Izi sizikutanthauza kuti dipole yotsika ilibe ntchito. Ikakhala pakati pa gawo limodzi mwa khumi ndi kota ya funde pamwamba pa chitsulo kapena nthaka, imaponya mawu m'mwamba tolotolo, ndipo thambo la ionosphere limawabweza pansi mozungulira makilomita mazana angapo. Njira imeneyi amaitcha NVIS, ndipo imagwira pa 40 m masana, pa 80 m usiku. Kwa dziko lalitali ndi lamapiri ngati Malawi, ndi imene imalumikiza Blantyre ndi Lilongwe, Mzuzu ndi Chipata, Nsanje ndi Tete, popanda kusamala kuti pakati pali phiri la Dedza kapena la Zomba. Amene adaona misewu, magetsi ndi mafoni zikuduka kumwera nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 akudziwa chifukwa chake eriyo yotere ndi yoyenera kukhala nayo. Koma pa 40 m mufunika mamita 5 kapena kuposa pamwamba pa malata, osati awiri, ndipo waya wa mamita 20 amapitirira denga la nyumba wamba mbali zonse. Ngati mukufuna Ulaya pa 20 m, dipole ifike theka la funde, mamita 10 kuchoka pansi.

Chimene chimathandiza ndi kuipinda ngati V wozondoka: pakati pakwere pamlongoti umodzi wa mamita 9 kapena 10 woimikidwa kumapeto kwa nyumba, miyendo itsikire kubwalo, itatambasuka madigiri osachepera 90. Magetsi ambiri a dipole amayenda pakati, ndiye pakatipo mpamene payenera kutalikira malata. Ngati mwendo umodzi uyenera kudutsa padenga, udutse mopingasa kapena chapakona, usatsatire msana wake. Kumapeto kwa waya ndi kumene kumakhala mavoti ambiri; kuthere pachingwe cha nayiloni, mita imodzi kapena iwiri kuchoka pampanda wamalata, pamsinkhu woti dzanja la munthu lisafike. Mwendo umodzi ukakhala pamalata winawo pabwalo, eriyo imapendama, magetsi amabwerera kunja kwa chingwe mpaka patebulo panu, maikolofoni n'kumaluma milomo. Mankhwala ake ndi choke pomwe chingwe chikulumikizana ndi eriyo: coax yokulungidwa kangapo pamphete ya ferrite ya mtundu wa 31 kapena 43. Panyumba yamalata musakweze dipole yopanda choke.

Waya wothawa nyumba

Ngati pabwalo pali mtengo wa mango, wa mapeyala kapena bulugamu, iyi ndi njira imene imakhululuka zambiri. Waya wa mamita 20 wodyetsedwa kumapeto kudzera m'kathiransifoma ka 49:1 amayamba m'mphepete mwa denga n'kukwera kupita kumtengo, kuthawa malata. Waya mmodzi yemweyo amagwira pa 40, 20, 15 ndi 10 m. Ubwino wake panyumba yamalata ndi wakuti kumapeto kumene kuli pafupi ndi denga sikumene kumaulutsa kwambiri. Pa 40 m mphamvu yaikulu imatuluka pakati pa wayayo, mamita 10 kuchoka panyumba, pamwamba pa dimba la ndiwo. Kabokosi ka thiransifoma katalikireko ndi malata, theka la mita kapena kuposa, chifukwa pamenepo pali mavoti ambiri, ndipo pachingwe pakhale choke chisanalowe m'nyumba. Kumtengo musamangirire waya mwachindunji. Dutsitsani chingwe cha nayiloni pakapule, mupachike botolo la malita awiri lodzaza mchenga, kuti mwera ukamagwedeza nthambi waya asaduke.

Chimene muyenera kupewa ndi kumukoka motsatira mpanda wamalata kapena waya waminga wa pamwamba pa mpanda wanjerwa. Mpanda wamagetsi ndiye woipitsitsa: kamakina kake kamagunda pafupifupi kamodzi pa sekondi, ndipo waya wogona moyandikana nawo amatola kugundako usiku wonse. A ku Johannesburg ndi ku Harare akulidziwa bwino phokoso limeneli. Mpanda wotero udutseni mopingasa, ndipo pamwamba kwambiri.

Denga lenilenilo ngati eriyo

Wina amafunsa nthawi zonse: bwanji osangolumikiza tuner ku malata, kapena ku ngalande yachitsulo yotengera madzi a mvula? Zimatheka, ndipo ena amalankhula nazo mayiko akutali pa mawati ochepa. Ine sindimalimbikitsa. Denga n'lotsika, n'logona, lili pamwamba pa mawaya onse a m'nyumba, ndipo m'mphepete mwake mumafika dzanja la munthu woyanika zovala. Ngati landilodi wakaniratu chilichonse chooneka, kawaya kopyapyala kopita kumtengo sikaoneka munthu ali pamsewu, ndipo kamagwira bwino kuposa dengalo.

Dishi

Pali njira imodzi imene malata alibe nayo kanthu. Setilaiti ya Es'hail-2, imene idakwezedwa mu Novembala 2018 ndipo anthu a ham amaitcha QO-100, imakhala malo amodzi pa madigiri 25.9 kum'mawa, ndipo imaona Africa yense, Ulaya, mpaka India ndi kum'mawa kwa Brazil. Mumatumiza pa 2.4 GHz, n'kulandira pa 10 GHz. Kuchokera ku Malawi kapena ku Zambia ili pamwamba kwambiri, chakumpoto, ndiye dishi yakale ya TV yomangidwa pakhoma imaiona bola denga kapena mtengo usaitchinge. Anansi amangoti ndi ya mpira. Ndalama yake ili pa zipangizo za mkati, osati pa eriyo, ndipo muonetsetse kaye kuti laisensi yanu ikukulolani mabandi amenewa.

Mphezi ndi mawaya a ESCOM

Kuyambira Novembala mpaka Epulo, chilichonse chimene mwakweza pamwamba pa nyumba chasanduka chinthu chachitali kwambiri pabwalo. Mlongoti wachitsulo ulumikizidwe ndi waya wonenepa, wowongoka, ku ndodo yakopa yokhomedwa pansi, ndipo ndodoyo ilumikizane ndi ethi ya nyumba. Wamagetsi wodziwa ntchito aone zimenezi. Mabingu akangoyamba kumveka, chotsani chingwe kuwailesi n'kuchisiya kunja, osati pansi pa tebulo. Komabe chimene chapha anthu a maeriyo ambiri m'mayiko osiyanasiyana ndi mlongoti wogwera pawaya wamagetsi pouimika. Yang'anani kumene waya wa ESCOM walowera m'nyumba, ndipo mlongoti uime patali kawiri kutalika kwake. Paipi ya aluminiyamu ya mamita 5 ili m'manja, inu mutaponda malata, palibe mpata wolakwitsa. Kwa a ku Britain, Ofcom, MACRA ya kumeneko, kuyambira 2021 imafuna kuti wotumiza mphamvu yoposa mawati 10 EIRP (mphamvu yowerengedwa kumene eriyo yaloza) awerengere ndi kusunga umboni woti anthu sali pafupi kwambiri ndi eriyo yake. Kwathu kuno ngakhale palibe wobwera kudzayeza, eriyo isayang'ane pawindo la chipinda chogona cha a neba.

Ndiye musankhe iti?

Wongoyamba kumene ndi kawailesi ka m'manja ka 2 m: Slim Jim kapena J-pole pansungwi, mamita awiri pamwamba pa denga, chingwe chachifupi. Ngati mwininyumba sakufuna mlongoti, maginito pamsana pa denga. Wofuna kulankhula ndi mayiko akutali, nyumba ndi yake, padenga palibe sola: ndodo ya mamita 5 yolumikizidwa ku malata, ndipo nthawi yambiri aithere pa mabawuti ndi sandipepa. Wofuna mabandi ambiri ndi waya mmodzi, kapena wa lendi amene sangaboole lata la eni: waya wopita kumtengo. Ndikadati ndisankhe imodzi yokha ya HF panyumba wamba ya m'tauni, ndikadatenga imeneyi, chifukwa siidalira mmene kalipentala adakhomera malata zaka 20 zapitazo. V wozondoka ndi wa amene ali ndi malo a mlongoti wa mamita 10 ndipo cholinga chake ndi 40 m ya m'dziko momwemuno.

Iliyonse imene mwasankha, iyezeni ili pamalo pake penipeni, osati pansi pabwalo, chifukwa malata adzasintha zonse mukangoikweza. Kachipangizo ka NanoVNA n'kotsika mtengo ndipo kamaonetsa pomwe eriyo ikugwira. Anthu awiri kapena atatu akhoza kusonkherana kamodzi. Dulani waya motalikirapo, muzipinda kumapeto m'malo modula. Ndipo SWR yabwino si umboni woti mukumveka, popeza chingwe choola cholowa madzi nachonso chimaonetsa SWR yokongola. Tumizani CQ, kuitana kwa aliyense amene akumva, pa CW (Morse) kapena FT8 (mauthenga a pakompyuta), kenako tsegulani tsamba la Reverse Beacon Network kapena la PSKReporter pa intaneti muone masiteshoni amene akumvani ndi mphamvu yake. Sunthani eriyo, tumizaninso mphindi zomwezo thambo lisanasinthe, muyerekeze manambala.